Mafuta ozungulira mitsempha ya m'khosi: kodi kuwajambula kungapulumutse bambo anga ku sitiroko?

Mayi wina wandilembera motere: "Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 66. Sabata yatha tikudya nsima, dzanja lawo lamanja linangolefuka, mbamu n'kugwa, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. Patapita mphindi ngati 20 zonse zinabwerera mwakale, eni ake akuti kunali kutopa. Mchimwene wanga amene ali ku England wawerenga kuti kunja kwabwera njira yojambula mafuta ozungulira mitsempha ya m'khosi yodziwira ngati munthu adzadwala sitiroko. Bambo ndi onenepa ndipo khosi lawo ndi lalikulu. Kodi tisonkhe ndalama tiwatumize ku South Africa akajambulidwe?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa. Nkhani ya mafutayo ndi yeniyeni, si zongolemba za pa intaneti, ndipo ndiifotokoza mpaka muimvetse. Koma ndiloleni ndiyambe ndi mbamu inagwa ija, chifukwa ndi imene yandisowetsa mtendere. Kutopa sikusankha dzanja limodzi n'kusiya linalo, ndipo sikulemetsa lilime kwa mphindi 20 n'kulimasula. Zimene munaonazo tizitenge ngati sitiroko yochenjeza, imene kuchipatala timaitchula mwachidule kuti TIA, mpaka dokotala atawaona bambo n'kupeza chifukwa china, monga kutsika kwa shuga. Chimachitika n'chakuti magazi amasiya kufika pa kachigawo kena ka ubongo, kenaka njira n'kutsegukanso malowo asanafe. Munthu amatsala bwinobwino, n'kumacheza ngati kale, koma kumene kunachokera chotseka njira chija kukadali momwemo.

Mu 2000 madokotala a ku California anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu oposa 1,700 amene anafika kuchipatala ndi TIA. Mmodzi mwa 10 alionse anadwala sitiroko yeniyeni pasanathe miyezi itatu, ndipo theka la amenewo inawagwera m'masiku awiri oyambirira. Mu 2007 gulu la Peter Rothwell ku Oxford linasonyeza mbali yolimbikitsa: odwala otere akaonedwa ndi kuyamba mankhwala mwamsanga, osadikira masabata, sitiroko zobwera pambuyo zinatsika kuchoka pa anthu 10 kufika pa anthu awiri mwa 100 alionse. Mankhwala ake sanali achilendo ayi. Anali aspirin, otsitsa BP ndi otsitsa mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol. Choncho ulendo umene ukufunika msanga si wa ku Johannesburg umene ukudikira pasipoti ndi msonkhemsonkhe. Ndi wopita kuchipatala chachikulu chimene muli nacho pafupi, mawa m'mawa, bambo akanene zonse monga momwe mwandilembera ine, osachotsa kanthu.

Tsopano tipite kukhosi. Ikani zala ziwiri pambali pa kholingo, m'munsi mwa chibwano, osakanikiza. Kugunda mukumvako ndi kwa mtsempha waukulu wotchedwa carotid. Ilipo iwiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo ndiyo imanyamula magazi ambiri opita ku ubongo. Ukayandikira nsagwada, mtsempha uliwonse umachita mphanda: nthambi ina imadyetsa nkhope ndi khungu la m'mutu, ina imalowa m'chigaza. Pamphanda pomwepo magazi sayenda mowongoka, amazungulira ngati madzi pamene mitsinje iwiri yalekana, ndipo ndi pamene zonyansa zimakonda kuunjikana. Ubongo wakumanzere umalamulira mbali yakumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri ndi umenenso umasunga kulankhula. Bambo anu linalefuka dzanja lamanja, mawu n'kusokonekera. Dokotala aliyense akamva zimenezo maso ake amathamangira ku mtsempha wakumanzere wa m'khosi ndi nthambi zake.

Apa pali mafuta a mitundu itatu amene anthu amawasokoneza, ndipo funso lanu lawaphatikiza. Oyamba ndi amene mumawaona ndi maso, opangitsa khosi kukhala lalikulu. Amenewo ali pansi pa khungu. Amatiuza kuti munthu ndi wonenepa, zimene zimayenda limodzi ndi BP ndi shuga, koma satiuza za m'kati mwa mtsempha. Munthu wowonda ngati bango akhoza kukhala ndi mtsempha wotsala pang'ono kutsekeka, makamaka ngati amasuta, pamene wa khosi lonona mitsempha yake ili yoyera.

Achiwiri ndi amene amalowa m'khoma la mtsempha. Zaka zikamapita, BP yokwera, utsi wa fodya ndi shuga zimakanda kansalu kosalala ka m'kati mwa mtsempha. Cholesterol imalowerera pokandikapo, asilikali a m'thupi amabwera kudzaidya n'kufera pomwepo, ndipo pang'onopang'ono pamamera chotupa chimene timachitcha plaque. Ndimakonda kuchiyerekeza ndi chithupsa. Chilipo chithupsa chouma, cholimba, chimene chimangokhala zaka osavuta. Chiliponso chakupsa, chofewa m'kati, khungu lake lopyapyala. Chotere chikaphulika m'kati mwa mtsempha, magazi amaundana pamenepo, tizibuluma timanyotsoka n'kukwera ndi magazi kukatseka timitsempha ta mu ubongo. Kachibuluma kakasungunuka msanga, ndiye TIA. Kakakhazikika, ndiye kufa ziwalo kuja. Nthawi zina kamapita kudiso, munthu n'kuona ngati wina watsitsa katani pa diso limodzi kwa mphindi zochepa. Afunseni bambo ngati zimenezi zinawachitikirapo ku diso lakumanzere, chifukwa akuluakulu ambiri sanena.

Achitatu ndi amene achimwene anu awerenga. Amene anaonererapo mbuzi ikusendedwa akudziwa kuti mitsempha ikuluikulu siyenda yamaliseche, imakhala yokutidwa ndi timafuta toyera kunja kwake. Kwa munthunso n'chimodzimodzi. Kalekale tinkawaona ngati chotsamira chabe cha mtsempha. Kenaka zinadziwika kuti mafuta amenewa ndi mtsempha zimatumizirana uthenga. Khoma la mtsempha likatupa, limatulutsa timadzi timene timadutsa n'kufika pa mafuta oyandikana nalo. Maselo a mafuta a pamenepo amalephera kukhwima, amakhala ang'onoang'ono, mafuta m'kati mwake amachepa, madzi n'kuchuluka. Mafutawo sindiwo matenda. Iwo ndi mboni chabe. Taganizani za mwezi wa October, dziko lonse litauma gwa, koma pamalo amodzi m'mbali mwa msewu udzu uli biriwiri. Simufunika kukumba kuti mudziwe kuti paipi ya madzi yathyoka pansipo. Mafuta ozungulira mtsempha wotupa amatiuza za mtsemphawo monga momwe udzu uja umatiuzira za paipi.

Chosangalatsa n'chakuti makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa CT amatha kuona kusinthaku. Pa chithunzi cha CT kadontho kalikonse kali ndi nambala yake, yosonyeza kulimba kwa chinthucho. Manambalawo anapatsidwa dzina la Godfrey Hounsfield, injiniya wa ku Britain amene makina ake anajambula mutu wa wodwala koyamba ku London mu 1971, ndipo mu 1979 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Pa muyezo umenewu madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, fupa lili pamwamba kwambiri, ndipo mafuta abwinobwino amakhala cha pa -100. Mafuta akayamba kuchepa m'maselo, madzi n'kuchuluka, nambala imasendera kwa madzi: -80, -70, -60. Ndi maso simungaone kusiyana kwake, zonse zimaoneka zotuwa mofanana. Koma mukazunguliza kamzere pa kompyuta pafupi ndi khoma la mtsempha, makina amakupatsani nambala, ndipo mukhoza kuiyerekeza ndi ya mbali inayo.

Ntchito imeneyi inayambira pa mtima, osati pakhosi, ndipo mfundo imeneyi muisunge. Gulu la Charalambos Antoniades ku yunivesite ya Oxford linafotokoza njirayi mu 2017, pa mitsempha yodyetsa mtima. Mu 2018 anafalitsa zotsatira za anthu pafupifupi 3,900 a ku Erlangen ku Germany ndi ku Cleveland ku America. Amene mafuta ozungulira mtsempha wawo wa mtima anali ndi nambala yokwera kuposa -70 anali pangozi yaikulu yomwalira ndi matenda a mtima m'zaka zotsatira, ngakhale ena amene mitsempha yawo sinali yopanikizika. Mu 2024 kunatuluka kafukufuku wina wa anthu oposa 40,000 a m'zipatala za ku Britain amene analimbikitsa mfundo yomweyo. Pa mtima umboni ndi wochuluka ndithu.

Pakhosi nkhani ikadali yanthete. Mu 2018 madokotala a ku Weill Cornell ku New York anabwerera ku zithunzi za CT za odwala osafika 100 amene anali ndi mtsempha wa m'khosi wopanikizika. Anapeza kuti amene anali atadwala sitiroko kapena TIA, mafuta ozungulira mtsempha wodwalawo anali ndi nambala yokwererapo kusiyana ndi ya anthu amene mtsempha wawo unali wopanikizika koma usanawavute. Pambuyo pake magulu ena, monga la Luca Saba ku Cagliari ku Italy ndi angapo a ku China, anapeza zofanana, ndipo ena anaona kuti nambala yokwera imayenda limodzi ndi plaque yokha magazi m'kati mwake, imene ndi mtundu woopsa.

Chimene chimatikopa ife a ntchitoyi ndi ichi. Kwa zaka zoposa 30 takhala tikuyeza ngozi ya mtsempha wa m'khosi ndi funso limodzi: njira yatsala yotani? Funsoli ndi labwino koma silikwanira. Alipo anthu amene mtsempha wawo unapanikizika kwambiri, n'kukhala nawo mpaka ukalamba osadwala. Aliponso amene plaque yawo yatseka gawo lochepa chabe la njira, koma ndi yakupsa, ndipo ndi imene ikutumiza tizibuluma ku ubongo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mtsempha wooneka wotseguka bwino ukhoza kukhala mkuyu woterowo. Njira yotiuza kuti chithupsa ichi chapsa, ichi sichinapse, pogwiritsa ntchito chithunzi chimene chajambulidwa kale, popanda jakisoni wina kapena ndalama zina, ingakhale mphatso yaikulu. Ineyo ndikuiyembekezera ndi mtima wonse.

Koma sindingakuuzeni kuti mugulitse mbuzi kapena kuti achimwene anu atenge ngongole chifukwa cha iyo. Kafukufuku wambiri wa pakhosi anayeza mafuta sitiroko itachitika kale, n'kuyang'ana m'mbuyo. Kupeza kuti mafuta asintha pamene plaque yaphulika kale sikofanana ndi kulosera kuti mwa anthu abwinobwino uyu ndi uyu adzadwala chaka chamawa. Anthu amene anayezedwa ndi makumi kapena mazana, pamene pa mtima ndi zikwi zingapo. Ndiye palinso vuto la malo. Khosi ndi lothinana: mtsempha wa carotid wagundana ndi mtsempha waukulu wobweza magazi, mnofu, minyewa ndi timwanabele. Mwa munthu wowonda, mafuta ozungulira mtsempha amakhala kachingwe kopyapyala, ndipo mukasuntha kamzere koyezera pang'ono chabe, nambala yasintha. Imasinthanso ndi mtundu wa makina, mphamvu ya magetsi imene aikapo pojambula, ndi utoto umene abaya m'magazi. Munthu mmodzi akhoza kupatsidwa manambala awiri osiyana m'zipatala ziwiri. Kwathu kuno ndimawonjezera nkhawa yanga ina: anthu ambiri amakhala ndi timwanabele totupa m'khosi chifukwa cha TB, HIV kapena mano obola, ndipo kutupa kwa pafupi koteroko kungasokoneze mboni yathu ija. Malire ogwirizana oti kuyambira nambala yakuti mtsempha wa m'khosi ndi woopsa sanakhazikitsidwe, ndipo malangizo amene madokotala amatsata posankha woti achitidwe opaleshoni sagwiritsa ntchito nambala ya mafutayi.

Funso limene ndimadzifunsa pa sikani iliyonse ndisanaitumize ndi lakuti: yankho lake likabwera, ndichita chiyani chosiyana? Kwa bambo anu, nambala ikakhala -60 adzafunika mankhwala a BP, otsitsa cholesterol otchedwa statin ndi oletsa magazi kuundana. Ikakhala -95 adzafunikabe omwewo, chifukwa thupi lawo lalankhula kale. Kulosera n'kwa munthu amene sanaonepo chizindikiro. Bambo anu chizindikiro anachiona pa mphasa ya chakudya.

Sikani imene ikufunika ndi yakale, yotsika mtengo, yotchedwa carotid Doppler. Makina ake ndi a mtundu womwe uja amaunikira amayi oyembekezera, kungoti pamafunika kamutu kena koyenera pakhosi ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo. Bambo adzagona chagada, kapilo pansi pa mapewa, mutu utapendekera kumbali. Adzawapaka mafuta ozizira onga phala losalala, n'kuyendetsa kachipangizo kuchokera pa fupa la m'munsi mwa khosi kukwera mpaka kunsagwada. Pa sikirini mtsempha umaoneka ngati msewu wakuda wokhala ndi mizere iwiri yoyera m'mbali. Akayatsa utoto, magazi amaoneka ofiira ndi abuluu, ndipo m'chipindamo mumamveka phokoso loti fuu, fuu, motsatira kugunda kwa mtima. Pamene njira yachepa phokosolo limasanduka likhweru, monga momwe madzi amalirira mukatsina kukamwa kwa paipi yothirira dimba. Liwiro limenelo ndi limene timayeza. Likapitirira masentimita 125 pa sekondi timaganiza kuti theka la njira latsekeka, ndipo likapitirira 230 timaganiza za magawo 70 mwa 100 kapena kuposa. Palibe jakisoni, palibe kusala kudya, ndipo pasanathe theka la ola mwamaliza.

Nambala ya 70 ili ndi mbiri yake. Mu 1991 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa NASCET, wa m'zipatala za ku Canada ndi ku America, wotsogozedwa ndi Henry Barnett. Anatenga anthu amene anali atadwala TIA kapena sitiroko yaing'ono, mtsempha wawo wa mbali yomweyo utatsekeka magawo 70 mpaka 99 mwa 100. Ena anapatsidwa mankhwala okha, ena anachitidwanso opaleshoni yotsegula mtsempha n'kupala plaque. Patatha zaka ziwiri, mwa a mankhwala okha 26 pa 100 anali atadwala sitiroko ya mbali imeneyo, pamene mwa ochitidwa opaleshoni anali 9 pa 100. Kwa amene njira inatsekeka pakati pa 50 ndi 69 phindu linali locheperapo, ndipo pansi pa 50 opaleshoni sinathandize. Pambuyo pake zinaonekanso kuti phindu limakula opaleshoni ikachitika m'masabata awiri oyamba chichitikireni chizindikiro, ndipo limanka lichepa masabata akamapita. Kwa bambo anu sabata imodzi yatha kale. N'chifukwa chake ndikukufulumizitsani.

Doppler ikaonetsa kupanikizika kwakukulu, kapena ikapanda kuonetsa bwino, chotsatira ndi CT ya mitsempha, imene amabaya utoto pamkono kuti mitsempha iwale kuchokera pachifuwa mpaka m'mutu. Muwauziretu bambo kuti utoto ukamalowa thupi limatentha mwadzidzidzi, m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo, ndipo ambiri amamva ngati adzikodzera pamene sanatero. Zimatha pasanathe mphindi. Asanabaye amayeza impso, ndipo ngati bambo amamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin kapena anadwalapo atabayidwa utoto wotere, muwauze a chipatala. Sikani ina yotchedwa MRI ndi imene imaona bwino kwambiri magazi okhera m'kati mwa plaque, koma siipezeka paliponse ndipo si yoyambira.

Pali chinanso chimene achimwene anu mwina sanachipeze m'zimene anawerenga, chifukwa zambiri zimalembedwa poganizira azungu okalamba a ku Ulaya ndi ku America. Sitiroko ya kwathu kuno kawirikawiri siichokera pakhosi. Kafukufuku wamkulu wa ku Ghana ndi ku Nigeria wotchedwa SIREN, amene anatuluka mu 2018, anapeza kuti pafupifupi sitiroko imodzi mwa zitatu inali yophulika mtsempha m'mutu, osati yotsekeka, ndipo BP ndiyo inali patsogolo pa zifukwa zonse. Mwa zotsekekazo, zambiri zimachokera ku timitsempha ting'onoting'ono ta m'kati mwa ubongo timene BP yatiwononga kwa zaka, zina ku mitsempha ya m'chigaza, zina ku mtima wogunda mosalongosoka kapena wowonongeka mavavu, titseko ta m'kati mwake. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, Laura Benjamin ndi anzake anayerekeza odwala sitiroko 222 ndi anthu oposa 500 a m'madera omwewo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. BP inali kumbuyo kwa pafupifupi theka la sitiroko zonse, ndipo mwa anthu a zaka 45 kutsika m'munsi HIV ndiyo inali patsogolo, ngozi ikukula kwambiri m'miyezi 6 yoyamba munthu atayamba ma ARV chitetezo chitatsika kale. Izi sizikutanthauza kuti munthu asiye ma ARV, m'malo mwake ayambe msanga chitetezo chisanagwe. Ndiye ngakhale khosi la bambo litapezeka loyera, nkhani siinathe. Ayezedwe BP, shuga, cholesterol, impso, HIV ndi chindoko, awamve kugunda kwa mtima ndi kuwajambula ECG yoonetsa kagundidwe ka mtimawo, ndipo ngati kungatheke ajambulidwe CT ya mutu.

Za BP ndinene motsindika, chifukwa ndi pamene pagona moyo wa bambo. Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP siipweteka mutu nthawi zonse, siichenjeza. Vuto limene timakumana nalo kawirikawiri ndi la munthu amene anapatsidwa amlodipine kapena HCT, n'kumwa mwezi umodzi, ataona kuti thupi lili bwino n'kusiya. Mankhwalawa sachiza ngati a malungo, amagwira pamene akumwedwa basi. Kamakina koyezera BP kunyumba mtengo wake sufika ngakhale pang'ono pa tikiti ya ndege, ndipo ngati achimwene anu akufuna kutumiza kanthu mwezi uno, atumize kameneko, ka pamkono osati ka padzanja. Muziyeza m'mawa ndi madzulo bambo atakhala phee kwa mphindi zisanu, n'kulemba m'kope lopita nalo kuchipatala. Manambala akhale pansi pa 140 ndi 90, ndipo kwa munthu amene wadwalapo TIA madokotala ambiri amafuna atsikire cha ku 130 ndi 80.

Kukhitchini nkhondo yake ndi ya mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, imene ndi supuni yaing'ono ya tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wa m'nsomba zouma. Soda wothira m'therere ndi m'masamba, ndi timabokosi tokometsera ndiwo tija, nazonso zili m'gulu lomwelo. Kambale ka mchere kachoke pamene bambo amadyera. Ngati amasuta, kaya ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe, kaya fodya wa m'mphuno, ino ndiyo nthawi yosiya, ndipo inu ana muwathandize mwaulemu osati mowakalipira. Ndipo pasapezeke wina wowasisita kapena kuwathyola khosi pofuna kuwongola mitsempha. Pa mtsempha wokhala ndi plaque yofewa zimenezo n'zoopsa.

Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri munthu akalefuka mbali imodzi mwadzidzidzi pamabuka nkhani ya hamala, maso n'kuyamba kuloza agogo ena a m'mudzi. Zoterezi zavulaza okalamba osalakwa, ndipo zimadya maola amene wodwala akanathandizidwa. Bambo anu akaonanso chizindikiro, kaya pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo walefuka, mawu asokonekera, diso lachita mdima, musadikire kuti muone ngati zitha ngati tsiku lija. Onani nthawi imene zayamba, pezani galimoto. Musawamwetse madzi, phala kapena aspirin zizindikiro zili m'kati, chifukwa akhoza kutsamwa, ndipo ngati mtsempha waphulika aspirin amawonjezera kukha kwa magazi. Kumene kuli mankhwala osungunula magazi oundana, amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, CT itatsimikiza kaye kuti si kuphulika.

Mwina inu ndi achimwene anu mukudzifunsa ngati nanunso mukajambulitse makosi anu. Ngati simunaonepo chizindikiro chilichonse, ayi. Ngakhale ku America, kumene makina ali mbwee, bungwe lolangiza za kupewa matenda linanena mu 2014, n'kubwerezanso mu 2021, kuti anthu wamba opanda zizindikiro asamajambulidwe mitsempha ya m'khosi, chifukwa kujambula aliyense kumabala mantha ndi maopaleshoni osafunika amene nawonso angayambitse sitiroko. Inu kayezetseni BP ndi shuga, popeza zimayenda m'magazi a banja.

Ndalama zimene mukufuna kusonkha musazimwaze, zisungeni. Doppler ikasonyeza kuti mtsempha wakumanzere watsekeka magawo 70 kapena kuposa, pamenepo padzabuka funso la opaleshoni kapena kuika kachubu kotsegula mtsempha, ndi kumene ntchitoyo ingachitikire msanga. Madokotala a kuchipatala chachikulu, monga Kamuzu Central kapena Queen Elizabeth, ndi amene angakuuzeni koyenera kupita, ndipo ulendo wakunja ukadzafunika udzakhale wokalandira chithandizo chodziwika, muli ndi kalata ndi zithunzi m'manja. Bambo akajambulidwa CT ya mitsempha, musachoke ndi pepala la lipoti lokha. Pemphani akukopereni zithunzi zonse pa CD kapena pa fulashi. Mafuta ozungulira mitsempha aja amakhala ali m'zithunzi zomwezo, pakuti palibe makina apadera owajambulira, ndipo dokotala aliyense amene angadzafune kuwayeza, kuno kapena kunja, adzawapeza momwemo osawagonekanso bambo pa makina.